Chip chanu sichinapse, pulogalamu yanu ndiyo yapiringidza chitseko

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Katete amene akupanga kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa pampu ya kudimba kwa makolo ake. Pampuyo imayendera batire ya sola. Iye anaitanitsa ku Lusaka bolodi ija imatchedwa Blue Pill, yokhala ndi chip choyendetsa pulogalamu, pamodzi ndi ka ST-Link V2 kolowetsera pulogalamu mu chip, kotchipa kooneka ngati fulashi, kamene wogulitsa anakalemba kuti "emulator". Tsiku loyamba zonse zinayenda, pulogalamu inalowa ndipo ka LED ka pa pini ya PC13 kanayamba kuphethira. Atafuna kulowetsa pulogalamu yachiwiri, kompyuta inangomuyankha kuti "No STM32 target found", ndipo mpaka lero ikuyankha zomwezo. Funso lake ndi lakuti, kodi chip chapsa, agule china? Nanga emulator imeneyi imalumikizidwa bwanji kuti iziwoneka yagwira?

Achimwene, ikani mtima m'malo, ndalama yanu musaitulutse kaye. Momwe mwafotokozeramu, kuti zinatheka kamodzi kenako n'kukana, ndikukhulupirira ndithu kuti chip chanu chili moyo. Ngati ka LED kaja kakuphethirabe mukapatsa bolodi magetsi, umenewo ndiwo umboni wake. Chip chopsa sichiyendetsa pulogalamu.

Ndiyambe ndi dzinali, chifukwa limasokoneza ambiri. Kale emulator inali chipangizo chachikulu chodula. Munthu ankazula chip pa bolodi n'kusomekapo emulator m'malo mwake, ndipo inkachita ngati ndiyo chip, pomwe mwini wake akuona zonse zochitika mkati kudzera pa kompyuta. Masiku ano mbali yosuzumira mkatiyo anaimangira mu chip mwenimwenimo. Chip cha pa Blue Pill ndi STM32F103C8T6, mtima wake ndi ARM Cortex-M3 wothamanga mpaka 72 MHz, chili ndi flash ya 64 KB ndi RAM ya 20 KB, ndipo m'kati mwakemo muli kale zonse zotha kuimitsa pulogalamu, kuwerenga memory ndi kulemba flash. Ndiye ka ST-Link kanuko ndi womasulira chabe. Kamamva chilankhulo cha USB kuchokera ku laputopu n'kukalankhula ndi chip m'chilankhulo chake. Dzina lakale linangokakamira, n'chifukwa chake ogulitsa amalembabe emulator pomwe ena amati debugger kapena probe. J-Link ya kampani ya SEGGER ya ku Germany imagwira ntchito yomweyi, kungoti ndi yaliwiro komanso yokwera mtengo.

Zilankhulo zake zilipo ziwiri. Chakale ndi JTAG, chimene chinakhazikitsidwa mu 1990 ngati IEEE 1149.1, ndipo chimafuna mawaya anayi a uthenga, TCK, TMS, TDI ndi TDO. China ndi SWD, chimene a ARM anachikonza kuti chizidya mapini awiri okha. Inu mukugwiritsa ntchito SWD. Waya wa SWCLK ndiwo ng'oma yopereka sitepe, ndipo wa SWDIO umanyamula uthenga popita ndi pobwera. Pa chip chanu SWDIO ndi pini ya PA13, SWCLK ndi PA14. Musungire manambala awiriwa, tiwafunanso kutsogoloku.

Kumapeto kwa Blue Pill kuli mapini anayi oima paokha: 3.3V, SWDIO, SWCLK ndi GND. Lumikizani dzina ku dzina linzake, SWDIO ku SWDIO, SWCLK ku SWCLK. Pano sitipingasa mawaya ngati momwe timachitira ndi TX ndi RX pa serial. Chimene ndikuchenjezeni kwambiri ndi ichi: werengani zolembedwa pa chigoba cha ST-Link yanu yomweyo, osadalira chithunzi cha pa intaneti. Tima ST-Link totchipati timapangidwa ndi anthu osiyanasiyana, ndipo mapini ake khumi sakhala pa malo amodzi mwa onse. Onaninso mbali imene kuli kamphako ka pa soketi, chifukwa chojambula cha pa chigoba chimatsata kamphakoko, ndipo mukachiwerenga chozondoka ndiye kuti mizere iwiri ija mwaisinthanitsa. Waya wa GND musaupeputse. Popanda iwo, laputopu ndi bolodi sizigwirizana kuti ziro ili pati, ndipo uthenga wonse umasanduka phokoso. Timawaya tamitundumitundu tosomeka tija timaduka mkati pulasitiki ali bwinobwino, choncho tengani multimeter muyeze kalikonse kuti kakudutsa.

Pa nkhani ya magetsi, bolodi idye kuchokera ku gwero limodzi. Ka ST-Link kotchipa kamatulutsa 3.3V yakeyake, yokwanira kudyetsa Blue Pill yokha ili patebulo. Bolodi ikakhala kuti ikudya kale kuchokera ku USB yake kapena ku batire ya sola, waya wa 3.3V uchotseni, mutsale ndi atatu okha, SWDIO, SWCLK ndi GND. Mukasiya onse, ma regulator awiri, tizida tosunga magetsi pa 3.3V, amayamba kukankhana, ndipo kamodzi kakhoza kutentha. Komanso musayembekeze kuti ka ST-Link kakoka relay, switchi yoyendera magetsi yoyatsira pampu, kapena sikirini, mphamvu yake ndi yochepa. Ndinene izinso chifukwa tsiku lina mudzagwira chida cha munthu wina: pa ST-LINK/V2 yeniyeni ya soketi ya mapini 20, komanso pa J-Link, pini yoyamba siipereka magetsi, imangoyeza kuti bolodi ikuyendera mavoti angati. Kumeneko waya umenewo ndi wofunika nthawi zonse, ndipo bolodi iyenera kukhala ndi magetsi ake.

Tsopano tifike pa vuto lanu lenileni. Munalemba kuti polojekiti munaiyamba mu STM32CubeIDE, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera code ya ma chip a STM32. Pa tsamba losankhira mapini pali gawo lotchedwa SYS, ndipo m'menemo muli mzere wa Debug. Pa chip cha banja la F1 monga chanuchi, mukayamba polojekiti yatsopano n'kusakhudza mzerewo, umakhala pa "No Debug". Anthu ambiri sauyang'ana n'komwe, chifukwa maso amakhala pa mapini a LED ndi a sensa. Koma kusankha kumeneko kumachititsa kuti mu code yopangidwa mulowe mzere wotseka JTAG ndi SWD zonse ziwiri. Mukatsegula fayilo ya stm32f1xx_hal_msp.c mudzaupeza, uli ndi mawu akuti SWJ_DISABLE.

Taganizirani momwe zinayendera. Tsiku loyamba chip chinalibe pulogalamu yanu, chitseko chinali chotsegula, ST-Link inati odi n'kulowa, n'kusiya pulogalamu. Kuyambira pamenepo, nthawi iliyonse magetsi akafika, pulogalamu ija imadzuka ndipo chimodzi mwa zinthu zoyamba imene imachita ndi kuika mpiringidzo pa PA13 ndi PA14. Izi zimachitika mofulumira kuposa kuphethira kwa diso. ST-Link ikabwera kudzaodira, palibe woyankha, ndiye imabwerera kukauza kompyuta kuti pakhomo pano palibe munthu. Zomwezi zimachitikanso munthu akatenga mapini awiriwa n'kuwapatsa ntchito ina, monga batani kapena LED, kapena pulogalamu ikamagoneka chip mu Stop kapena Standby itangoyamba kumene. Ine nditakumana nazo koyamba ndinataya masiku awiri ndikusinthasintha mawaya, ndipo ndimadziwa kuwawa kwake poti chida chilichonse chimachita kuyenda makilomita mazanamazana pa Great East Road kuti chitipeze kuno.

Njira yolowera ilipo, ndipo siifuna kugula kanthu. Pa Blue Pill pali timajampa tiwiri, BOOT0 ndi BOOT1. Chotsani magetsi, sunthani BOOT0 ipite pa 1, BOOT1 ikhale pa 0, ndipo mubwezere magetsi. Mukatero chip sichiyamba ndi pulogalamu yanu. Chimayamba ndi bootloader, pulogalamu yoyambira imene a STMicroelectronics (ST), opanga chip chimenechi, anailemberatu kufakitale, yosafufutika, ndipo imeneyo siitseka SWD. Tsegulani STM32CubeProgrammer, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera ndi kufufutira flash ya chip, sankhani ST-LINK, port ikhale SWD, dinani Connect. Ikagwira, chitani Full chip erase. Mukatha bwererani ku polojekiti yanu, pa SYS musinthe Debug ikhale "Serial Wire", mupange code mwatsopano, mubwezere BOOT0 pa 0, kenako mulowetse pulogalamu. Mukaiwala kusintha pa SYS paja, mudzadzitsekeranso panja ulendo womwewo. Mukaiwala kubwezera BOOT0, pulogalamu idzalowa koma magetsi akazima n'kuyakanso siidzayamba, ndipo mudzayesa kuti pabuka vuto lina. Ubwino wina wa "Serial Wire" ndi wakuti mapini a JTAG amene simukuwafuna, PA15, PB3 ndi PB4, amamasuka kuti muwagwiritse ntchito zina.

Pali njira yachiwiri yotchedwa "Under reset", pomwe ST-Link imagwira chip pa reset kuti pulogalamu isadzuke, n'kulowa isanapiringidze. Imafuna waya wachisanu wopita ku NRST, pini ya reset ya chip. Tsoka lake, pini yolembedwa RST pa tima ST-Link tambiri totchipa ndi ya ma chip a STM8, ndipo pa STM32 siichita kanthu. Mungathe kuchita ndi chala: kanikizani batani la reset la pa bolodi, dinani Connect, n'kusiya batani. Zimatheka, koma pamafunika kuyesa kangapo kuti nthawi igwirizane. Ine ndimakonda ya BOOT0 chifukwa siidalira mwayi.

Zikakanabe ngakhale BOOT0 ili pa 1, apo ndiye tibwerere ku mawaya. Afupikitseni, asapitirire masentimita 15. Tsitsani liwiro la SWD mu STM32CubeProgrammer kuchoka pa 4000 kHz kufika pa 480 kHz kapena kucheperapo. Yezani ndi multimeter pakati pa 3.3V ndi GND pa bolodi penipeni, osangokhulupirira nambala imene kompyuta ikuonetsa. Yang'ananinso powotcherera mapini anayi aja.

Kenako tengani foni mujambule pamwamba pa chip n'kukulitsa chithunzicho. Ma Blue Pill ambiri a pamsika sanyamula chip cha ST chenicheni, amanyamula zofanana nacho monga CKS32, GD32 kapena APM32, ndipo zina zimachita kulembedwa dzina la STM32 pamwamba. Zambiri zimagwira ntchito ndithu, koma STM32CubeIDE imatha kuzikana ndi uthenga wakuti "Could not verify ST device". Mu OpenOCD, pulogalamu ina yolankhulira ndi chip kudzera pa ST-Link, chip chenicheni cha F103 chimadzitchula ndi nambala ya 0x1ba01477, pomwe zofananazo kawirikawiri zimati 0x2ba01477, ndipo mukasintha CPUTAPID, nambala imene OpenOCD imayembekezera, mu fayilo ya config kuti igwirizane, zimalumikizika. Kwa inu sindikuganiza kuti vuto ndi limeneli, popeza tsiku loyamba zinalowa, koma mukadzagula bolodi yachiwiri mudzakumbukire.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa imelo yanu si uthenga wa pa sikirini, koma tsiku limene mudzanyamule laputopu kupita nayo kudimba. Phindu lenileni la ST-Link si kulowetsa pulogalamu kokha. Mungathe kuika breakpoint, pulogalamu n'kuima pa mzere umene mwasankha, inu n'kumaona nambala imene sensa yabweretsa. Cortex-M3 imalola ma breakpoint 6 a hardware ndi ma watchpoint 4, ndipo watchpoint imaimitsa pulogalamu nthawi imene chinachake chakhudza variable imene mukuilondera. Koma dziwani kuti pulogalamu ikaima, mapini amatsala momwe analiri. Ngati relay inali itayatsa pampu, pampuyo izingopopabe pomwe inu mukuwerenga pa sikirini, ndipo code imene inayenera kuizimitsa thanki ikadzaza kapena madzi akatha yaima nanu limodzi. Mwezi wa Okutobala zitsime za m'madimba zimakhala zitatsika, ndipo pampu yopopa mphepo siichedwa kuwonongeka. Pampu imeneyo ndi ndiwo za banja lonse. Poyesa code, ichotseni muikepo babu la 12V, ndipo mudzaibwezere pokhapokha babulo litaonetsa kuti likuyaka ndi kuzima pa nthawi yake.

Ngati mwaika watchdog ya IWDG, mlonda wa mu chip wochita reset pulogalamu ikakakamira, imene ndikukulimbikitsani pa chipangizo chokhala chokha kudimba, dziwani kuti imayendera koloko yakeyake ndipo siima mukaimitsa pulogalamu. Idzachita reset chip muli pakati poyang'ana, ndipo mudzayesa kuti ST-Link ikuduka. Mu HAL, code yokonzeratu ya ST, muli lamulo la __HAL_DBGMCU_FREEZE_IWDG limene limaiimitsa pa nthawi ya debug yokha. Relay nayo imatha kudula kulumikizana kwa ST-Link ndi chip ikamatseka ndi kutsegula, makamaka ngati pa koilo yake palibe diode, ndiye ngati mukuyendetsa relay ndi transistor yanuyanu, ikanipo 1N4007 mopingasa koiloyo, mzere wake woyera uloze ku mbali ya pulasi.

Chomaliza ndi waya wa GND uja. Mukasomeka ST-Link, GND ya bolodi imakhala yalumikizana ndi GND ya laputopu kudzera pa USB. Ma controller ambiri otchipa a sola amalumikiza pamodzi mbali ya pulasi n'kumadula mbali ya mainasi, kotero mainasi ya potulukira katundu si nthawi zonse imafanana ndi mainasi ya batire. Laputopu ikakhala pa chaja kudzera pa inverter ya batire yomweyo, magetsi akhoza kupeza njira yachidule kudutsa mu kawaya ka ST-Link mpaka mu doko la USB. Choncho kudimba zulani chaja, laputopu iyendere batire yake. Ndipo ngati tsiku lina mudzapanga bolodi yodya malaiti a 230V kudzera pa sapulaya yopanda transformer, musadzasomekepo ST-Link ili pa malaiti ngakhale pang'ono, chifukwa pamenepo chimene chili pangozi ndi moyo wanu. Muidyetse ndi batire kapena USB poyesa.

Yambani ndi BOOT0 madzulo ano, bolodi ili payokha patebulo, yopanda relay kapena sensa. Mundilembere uthenga umene STM32CubeProgrammer ionetse, ndipo ngati ikakanabe mutumize chithunzi cha chigoba cha ST-Link ndi cha pamwamba pa chip, tione limodzi mawaya anu.