Mafunso Anu: Pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, wokhazikika ndi uti?

FUNSO: Ine ndi alamu anga a ku Chirimba sitimalekana osatsutsana. Iwo amati mzinda weniweni ndi Blantyre, Lilongwe ndi mudzi waukulu chabe. Ine ndimawauza kuti abwere adzaone misewu yathu yatsopano. Tsiku lina ndinamva pawailesi kuti akatswiri ali ndi miyeso yoonera ngati mzinda uli pa chitukuko chokhazikika. Miyesoyi ndi yotani, ndipo ingatiweruzire mlanduwu?
Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Bambo, miyesoyo ilipodi, koma misewu yanu yatsopanoyo sikuthandizani kwambiri pa mlanduwu. Akamati mzinda wokhazikika, funso lake ndi lakuti kodi mzindawo ungapitirize kumwetsa, kuyendetsa ndi kusunga anthu ake zaka zikubwerazi popanda kuwononga zimene ukudalira.

M'chaka cha 2015 mayiko a m'bungwe la United Nations, Malawi ali momwemo, adagwirizana zolinga 17 za chitukuko zoti zikwaniritsidwe pofika 2030, ndipo cha nambala 11 ndi cha mizinda. Pansi pake amawerenga anthu okhala m'malo othithikana opanda madzi abwino ndi zimbudzi zoyenera, anthu amene angapeze basi osayenda mtunda wopitirira mamita 500, gawo la zinyalala zimene zimatoledwa n'kusamalidwa bwino, kuchuluka kwa tinthu ta utsi ndi fumbi mumpweya, malo opumulirako aliyense, komanso anthu ofa kapena kukhudzidwa ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi. Palinso ndondomeko ina yotchedwa ISO 37120, ya m'chaka cha 2014, yomwe cholinga chake ndi chakuti mizinda iziwerenga zinthu mofanana.

Musanayerekeze chilichonse, gawani ndi chiwerengero cha anthu. Pa kalembera wa 2018, mzinda wa Lilongwe udali ndi anthu 989,318 pomwe Blantyre adali ndi 800,264. Kunena kuti uku kuli magalimoto a zinyalala ambiri n'kopanda phindu ngati simunanene kuti akutumikira anthu angati.

Tiyeni tione madzi, chifukwa kwa ine apa ndiye pagona nkhani. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, ndipo amawapopa makilomita pafupifupi 40 kukwera chitunda. Madziwo alipo, koma amadya magetsi ochuluka, ndipo magetsi akavuta mipopi imavutanso. Lilongwe amamwa mtsinje wa Lilongwe kudzera m'madamu awiri a Kamuzu, ndipo mtsinjewo umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama. Nkhalango yomweyo ndi imene yakhala ikuotchedwa makala ophikira nsima mu Lilongwe momwemo, mpaka boma lidachita kutumizako asilikali kukalondera mitengo. Ndiye muyeso ukangoti "nyumba zakutizakuti zili ndi mpopi", wanena zoona, koma sunanene kuti madziwo amatuluka maola angati patsiku, mayi wa ku Mtandire amalipira zingati pachidebe kukiyosiki, kapena kuti gwero lake lidzakhalapo mpaka liti.

Apa mukuona vuto lalikulu la miyesoyi: imathera m'malire a khonsolo. Thumba la makala limalowa m'tauni panjinga m'bandakucha, koma chitsa chimatsala ku Dzalanyama, kapena ku Mwanza ndi Neno ngati thumbalo likupita kwa alamu anu. Pa pepala la mzinda chitsacho sichioneka.

Vuto lina ndi nambala imodzi yoimira mzinda wonse. Zinyalala za ku Area 10 ndi za ku Mgona zikaphatikizidwa, pamatuluka nambala imene sikunena za Area 10 ndiponso sikunena za Mgona. N'chimodzimodzi Namiwawa ndi Mbayani. Ndipotu kutola n'kwina, kusamala n'kwina: zinyalala zikachoka pamsika n'kukaunjikidwa kumtaya wa ku Area 38 kapena ku Mzedi, msika wayera, koma funsani oyandikana ndi mtayawo. Anthu amakonda kutchula Kigali, likulu la dziko la Rwanda, komwe majumbo apulasitiki adaletsedwa m'chaka cha 2008 ndipo amasesa limodzi Loweruka lomaliza la mwezi. Ukhondo wotere ndi wosiririka, koma ndi mzere umodzi wokha pa mndandanda wautali.

Tsono chigamulo changa. Pa kayendedwe, Lilongwe waluza. Mzindawu udamangidwa motayana kuyambira pomwe unkakonzedwa kukhala likulu, udindo womwe udautenga m'chaka cha 1975, ndipo inu nomwe mukudziwa ndalama ndi nthawi imene minibasi imakudyerani kuchoka ku 25 kukafika m'tauni. Misewu yotakata imakomera wa galimoto. Woyenda pansi ndi wa kabaza amafuna njira yakeyake m'mbali. Pa ngozi, Blantyre ali pamavuto aakulu. Namondwe wa Freddy m'mwezi wa Marichi 2023 adagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe, m'malo omwe anthu adamanga m'mbali mwa phiri lopanda mitengo chifukwa chosowa poti n'kumanga. Kolera wa 2022 ndi 2023 sadasankhe: mizinda yonse iwiri idali m'gulu la madera okhudzidwa kwambiri.

Mukakumananso ndi alamu anuwo, aliyense abwere ndi mayankho a mafunso atatu okhudza dera lake: mwezi wathawu mpopi unauma masiku angati, galimoto la zinyalala linabwera kangati, ndipo ndalama ya minibasi yopita kuntchito imadya gawo lanji la malipiro. Mudzafunsanenso chaka chamawa mwezi ngati womwewo, kuti muone dera limene lasuntha. Mayankho omwewo ndi amene mungapite nawo kwa khansala wanu.