Excel Ikukana Kusunga Ntchito Yanga

FUNSO: Akonzi, mu ofesi mwathu anthu anayi timagwiritsa ntchito kompyuta imodzi. Ndikalemba ziwerengero mu Excel n'kufuna kusunga, pamabwera uthenga wakuti fayiloyo ndi "Read-Only" (yongowerenga, yosalola kusungamo zosintha), ndipo dzulo ntchito ya tsiku lonse inatayika. Kodi vuto lili pati?

YANKHO: Pepani kwambiri, chifukwa kutaya manambala amene mwalemba tsiku lonse n'kowawa. Kawirikawiri zimenezi zimachitika mnzanu akasiya fayiloyo ili yotsegula pa akaunti yake, n'kungodina "Switch user" m'malo motulukiratu. Excel imakhoma fayilo yotero kuti anthu awiri asalembemo nthawi imodzi, ndipo imaika kafayilo kobisika, kamene dzina lake limayamba ndi ~$, mu foda yomweyo. Mupempheni mnzanuyo kuti alowe, asunge ntchito yake ndi kutseka Excel. Ngati palibe amene waitsegula koma uthengawo ukubwerabe, n'kutheka kuti kafayiloko kanatsalira pamene magetsi anazima, ndipo mukhoza kukafufuta.

Chofunika koposa n'chakuti musatseke fayilo mukaona uthengawo. Dinani "Save As", ipatseni dzina latsopano lokhala ndi deti, ndipo muisunge mu foda ya Documents ya akaunti yanu. Foda ya anthu onse ikakukanani, woyang'anira makompyuta ndiye angakupatseni chilolezo cholembamo.

Za ntchito ya dzulo musataye mtima. Excel imadzisungira yokha zimene mukulemba mphindi 10 zilizonse, pokhapokha wina atasintha dongosololi. Lowani pa akaunti imene munagwiritsa ntchito, tsegulani fayiloyo, pitani pa File, kenako Info, ndipo muyang'ane pa Manage Workbook.