Turbine ya helium siivomera mpweya wamba

Achimwene, mwafunsa ngati turbine (makina okhala ndi mapiko amene amazunguzidwa ndi mpweya) yopangidwira mpweya wa helium ingagwire ntchito chimodzimodzi mutaipopera mpweya wamba. Ayi ndithu, ndipo nkhani yagona pa liwiro la phokoso.

Pa kutentha kwa madigiri 20 a Celsius, phokoso limathamanga mamita pafupifupi 343 pa sekondi mu mpweya wamba, koma mu helium limafika cha m'ma 1,000, chifukwa helium ndi wopepuka kwambiri. Mapiko a turbine amasemedwa motengera Mach number, kutanthauza liwiro la mpweya poyerekeza ndi liwiro la phokosolo. Ndiye mukalowetsa mpweya wamba koma makina nkumazungulira monga kale, mpweyawo umayandikira msanga liwiro la phokoso pampata wopapatiza wa pakati pa mapiko. Pamenepo umatsamwa, pamabuka mafunde amphamvu, ndipo mphamvu yambiri imangotayika ngati kutentha.

China chimene ambiri sachiganizira nchakuti kilogalamu imodzi ya helium imafuna kutentha kochuluka kasanu kuposa mpweya wamba kuti ikwere digiri imodzi. Mzere umodzi wa mapiko sungakame mphamvu yonseyo, nchifukwa chake turbine ya helium imakhala ndi mizere yambiri, mapiko ake aafupiafupi. Kufupikako kumabweretsanso vuto lina, poti kampata ka kunsonga kwa phiko kamadutsitsa mpweya wambiri osagwira ntchito.

Carbon dioxide ndiye zake nzosiyana. Akapitirira madigiri 31 ndi ma bar 74 (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya) amakhala wothithikana ngati madzi, moti turbine yake imachepa modabwitsa, koma mapiko amasenza katundu wolemera zedi.

Ngati mukungofuna kuyesa ndi mpweya wamba, chepetsani liwiro la kuzungulira mpaka Mach number ifanane. Ngakhale apo, ine zotsatirazo sindingazikhulupirire zonse.