Penti woyera kapena wotuwa pabalaza?

Achemwali, mwafunsa ngati pabalaza panu mupake penti woyera kapena wotuwa, ndipo mwati zenera ndi limodzi lokha, laling'ono. Ine ndingasankhe woyera, koma osati woyera mbee. Mutenge wopita ku kirimu pang'ono, chipinda chimaoneka chofunda.

Khoma loyera limabweza kuwala kochuluka, pamene lotuwa limameza kwina. M'chipinda chosalowa dzuwa mokwanira, wotuwa amaoneka woderapo kuposa mmene amaonekera pa kakhadi kosankhira mitundu, ndipo malo amaoneka ngati apanikizika. Ubwino wa wotuwa ndi woti amabisa zidindo za zala za ana ndi fumbi. Ngati nkhawa yanu ndi imeneyo, gulani woyera wa silk (penti wonyezimira pang'ono), amene amapukutika ndi kansalu konyowa. Wa matt (wosanyezimira) ndi wovuta kupukuta.

Chonde musathamangire kugula chigoba chachikulu. Pakani timagawo tiwiri, kena koyera kena kotuwa, pakhoma lomwelo, mubwereze kachiwiri, musiye ziume bwinobwino. Kenako muyang'ane m'mawa, masana komanso usiku mutayatsa magetsi, chifukwa mababu amasintha zambiri: babu lolembedwa 2700K (lowala mwachikasu) limakokera kirimu ku chikasu, pamene la 6500K (lowala moyera mbee) limakokera wotuwa ku buluu.