Kodi bowa wa psilocybin angamusiyitse mowa mchimwene wanga?

Mwandilembera, achemwali, kuti mchimwene wanu wakhala akumwa mowa mwauchidakwa kwa zaka zambiri, ndipo mwaona pa YouTube kuti bowa wa psilocybin (mankhwala opezeka mu bowa wina, ochititsa munthu kuona zilubwelubwe) akuchiritsa uchidakwa. Mukufunsa ngati mungamupezere bowayo kuti adye kunyumba. Funso lanu landikhudza kwambiri, chifukwa mavidiyo otere amatchula zotsatira za kafukufuku koma sanena mmene kafukufukuyo anachitikira.

Kafukufuku amene ambiri amamutchula anatuluka mu 2022, motsogozedwa ndi Michael Bogenschutz wa ku chipatala cha yunivesite cha NYU Langone ku New York. Anthu 93 analandira mankhwala. Ena anapatsidwa psilocybin, ena diphenhydramine, mankhwala wamba ogonetsa tulo, kuti pakhale poyerekezera. Pa masabata 32 otsatira, a psilocybin anamwa mopyola muyeso masiku 9.7 pa 100 alionse, pomwe enawo anali pa 23.6. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu ndithu, ndipo sindikukuchepetsa.

Koma taonani zimene anthuwo anadutsamo. Uphungu unatenga masabata 12, ndi aphungu awiri pa munthu mmodzi. Mankhwala anamwa kawiri kokha, pa sabata 4 ndi sabata 8. Sanadye bowa wozula kuthengo, anameza kapisozi woyezedwa: mamiligalamu 25 pa makilogalamu 70 a thupi ulendo woyamba, mpaka 40 ulendo wachiwiri. Tsiku lomwa, munthu ankagona m'chipinda pafupifupi maola 8, m'maso mophimba, nyimbo m'makutu, aphungu ali pambali, akumuyeza kuthamanga kwa magazi pafupipafupi chifukwa psilocybin amakweza magazi ndi kugunda kwa mtima. Bowa wouma mphamvu yake imasiyana wina ndi wina, ndiye mlingo simungaudziwe pongoyang'ana.

Ndipo asanalowe n'komwe, ankasefedwa. Amene anadwalapo misala yoona zilubwelubwe kapena matenda a bipolar (osinthasintha pakati pa kusangalala kopyola muyeso ndi kukhumudwa), kapena amene kwawo kuli matenda otere, ofufuza samawalandira, poopa kudzutsa matenda ogona. Amene akumwa lithium, mankhwala a bipolar, ali pa chiopsezo chogwa ngati wakhunyu akaphatikiza ndi psilocybin. Zotsatira zabwinozo ndi za anthu osankhidwa bwino, ndipo amene amazifalitsa osatchula zimenezi akusocheretsa mabanja otopa kale.

Pali vuto lina limene ofufuza eni ake amalivomereza. Pa kafukufuku wabwino, wodwala sayenera kudziwa chimene wamwa. Kuno anthu oposa 90 pa 100 analosera molondola. Munthu amene makoma akuyenda m'maso mwake akudziwa kuti walandira zenizeni, chiyembekezo chake n'kukwera. Mnzake amene wangosinza akudziwa kuti wamanidwa, n'kugwa mphwayi. Mbali ina ya kusiyana kuja ingachokere pamenepa. Nkhani yomweyi ndi imodzi mwa zimene zinagwetsa MDMA, mankhwala ena osintha maganizo: mu August 2024 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linakana kuvomereza MDMA pa matenda a PTSD (kuvutika maganizo pambuyo pa zoopsa), ngakhale kampani ya Lykos inabweretsa akafukufuku awiri akuluakulu, n'kulamula kuti pachitike wina.

Mwina munamvanso za fodya. Ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America mu 2014, anthu 12 mwa 15 amene anapatsidwa psilocybin anali atasiya kusuta patapita miyezi 6. Koma anthu 15, opanda gulu loyerekezera, ndi poyambira chabe. Pa matenda okhumudwa, kafukufuku wa psilocybin wa kampani ya COMPASS Pathways wa 2022 anali ndi anthu 233. Mamiligalamu 25 anathandiza kuposa miligalamu imodzi pa sabata 3, koma pofika sabata 12 kusiyanako kunali kutazilala, ndipo ena anali ndi maganizo odzipha. Ganizo lochiza uchidakwa ndi mankhwala otere si latsopano: Humphry Osmond ankayesa LSD, mankhwala ena oonetsa zilubwelubwe, pa zidakwa ku Saskatchewan ku Canada m'ma 1950, ntchitoyo isanatsekedwe ndi malamulo. Zaka zimene zinatayika pakatipo ndimazidandaula, chifukwa bwenzi lero tili ndi mayankho olimba.

Za ibogaine

Wina akakuuzani kuti mchimwene wanu ayese ibogaine, wochokera ku mtengo wa iboga wa ku Gabon, musamvere. Amasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo anthu afa naye, makamaka komwe kulibe makina oyeza mtima.

Tsono yankho langa ndi ayi, musamupatse bowa. M'mayiko ambiri psilocybin ndi woletsedwa. Australia inalola kuyambira July 2023, koma kudzera mwa madokotala a maganizo ovomerezeka okha, ndipo pa matenda okhumudwa okanika, osati uchidakwa. Choopsa chapafupi kwa mchimwene wanu ndi kusiya mowa mwadzidzidzi: thupi lozolowera mowa limatha kunjenjemera, kugwa ngati khunyu ndi kubwebweta pa masiku awiri kapena atatu oyamba, ndipo zimenezi zimapha. Apite kuchipatala akamuchotse mowa m'thupi akumuyang'anira, akamuyeze chiwindi, kenako afunse za naltrexone, mamiligalamu 50 patsiku, kapena acamprosate, ochepetsa chibaba, pamodzi ndi uphungu. Ngati akumwa mankhwala a ululu a mtundu wa morphine awauziretu adokotala, chifukwa sayenderana ndi naltrexone.