Chitoliro chikwere nanu, osati mu sutikesi

Achemwali, pa ulendo wanu wokaimba ku Ulayawo chitoliro musachitumize ndi katundu wa pansi pa ndege ayi, chikhale m'chikwama cham'manja pamodzi ndi piccolo (kachitoliro kakang'ono), bass flute (chitoliro chachikulu cha mawu a besi) yokha ndiye muyambe mwafunsa kampani ya ndegeyo poti kesi yake ndi yaikulu. Masutikesi paja amangoponyedwa ngati matumba a chimanga, kiyi imodzi (kabatani kotseka bowo la chitoliro) ikangopindika pang'ono basi mpweya wayamba kuthawa. Ine zinandionekera popita ku Berlin, kufika uku kiyi ya G sharp osatseka bwino, ma multiphonics (manotsi angapo omveka nthawi imodzi) onse amangoti fwee ngati tayala laponcha, manyazi ake! Komanso nyimbo zamakonozi zimatopetsa mapadi (timapilo ta pansi pa makiyi), taonani nyimbo ya chitoliro ija ya Density 21.5 imene Edgard Varèse anapeka mu 1936, pena mumachita kumenya makiyi kuti azimveka phaphapha. Mukafika kozizira musathamangire kuuzira piccolo yopangidwa ndi mtengo, imang'aluka, idikireni ifunde kaye m'chipinda. Koma padi ikayamba kutaya mpweya musagwire sikuludiraiva nokha, pitani nacho kwa katswiri wokonza zitoliro, ndipo zala zikamachita dzanzi mukamaliza kuimba kaonaneni ndi dokotala.