Ron Burgundy analikodi, kapena n'zopeka?

Owerenga wina anditumizira imelo kuti anakangana ndi alamu awo ataonera filimu yanthabwala ya Anchorman. Alamuwo akuti Ron Burgundy, wowerenga nkhani wodzimva uja, ndi munthu weniweni amene anangomusintha dzina. Iwo akuti bodza, n'zopeka basi. Ndiye akuti ndiweruze mlanduwu.

Akulu, dzina loyamba kuligwira ndi Mort Crim. Filimuyi inatuluka mu 2004, ndipo anailemba ndi Will Ferrell, yemwe anasewera Burgundy, pamodzi ndi Adam McKay, yemwenso anaitsogolera. Ferrell wakhala akunena poyera kuti ganizo linamubwerera akuonera pulogalamu ya pa TV yofotokoza moyo wa Jessica Savitch. M'menemo munali Crim, amene ankawerenga nkhani limodzi ndi Savitch pa KYW-TV ku Philadelphia m'zaka za m'ma 1970. Mkuluyu anavomera ndi pakamwa pake kuti masiku amenewo ankapeputsa akazi ndipo mayiyo sanamulandire bwino. Choseketsa chili apa: munthu akuulula kulakwa kwake, koma ndi liwu lomwe lija lokhuthala lowerengera nkhani za madzulo, ngati akulengeza kuti boma lagwa. Mukamvetsera Burgundy akuyankhula ndi galu wake, ndi liwu limenelo mukumva. Crim pambuyo pake anakakhala zaka pafupifupi 20 pa WDIV ku Detroit, kuyambira 1978.

Koma chimandinyansa n'chakuti aliyense amafunsa za Burgundy, palibe wofunsa za mayiyo. Pulogalamu imene Ferrell ankaonera sinali ya Crim ayi, iye anangoitanidwa kudzachitira umboni. Savitch anabadwa mu 1947, anagwirapo ntchito pa KHOU ku Houston, n'kufika ku KYW mu 1972, nthawi imene akuluakulu ambiri a mawailesi ankakhulupirira kuti liwu la mkazi silingasenze nkhani zolemera. Pofika 1977 anali atatengedwa ndi NBC, dziko lonse la America likumuonera. Anamwalira pa 23 October 1983 ali ndi zaka 36, galimoto imene anakwera itagwera m'ngalande ya madzi ku New Hope, Pennsylvania. Veronica Corningstone, mayi wowerenga nkhani wa m'filimumo yemwe Christina Applegate anasewera, si chithunzi chenicheni cha Savitch, koma mpando umene akuulimbirana m'filimumo ndi womwewo. Kusaka Burgundy weniweni n'kuiwala mayiyu ndi kubwereza mwano umene filimuyo ikuseka. Pamenepo sindisintha maganizo.

Ndipo gulu la anyamata anayi lija, Burgundy ndi anzake a m'situdiyo, musaliyese lopeka. Pa KYW pomwepo, mu 1965, Al Primo anayambitsa kachitidwe kotchedwa Eyewitness News, n'kukapititsa ku WABC ku New York mu 1968. M'malo moti munthu m'modzi aziwerenga zonse, atolankhani anayamba kuonekera okha ali pamalo a nkhani, ndipo m'situdiyo munakhala gulu: wowerenga wamkulu, wa zamasewera, wa zanyengo. Pakati pa nkhani ankaponyerana timacheza kuti oonera aziwamva ngati abale. Mawailesi anayamba kugulitsa nkhope, tsitsi ndi majekete ofanana. Munthu ukamuuza tsiku ndi tsiku kuti mzinda wonse ukudalira nkhope yake, amatupa ndithu.

Nthabwala yoti Burgundy amawerenga chilichonse cholembedwa pa teleprompter nayonso ili ndi phata. Chipangizochi ndi galasi loikidwa mopendama madigiri 45 kutsogolo kwa diso la kamera. Pansi pake pali sikirini yoonetsa mawu otembenuzidwa, galasilo n'kuwawongola. Wowerenga amaona mawu, kamera imaona nkhope yake kudzera m'galasi lomwelo, inu kunyumba n'kumati akukuyang'anani m'maso. Mzere uliwonse umakhala ndi mawu ochepa kuti maso asaoneke akuyendayenda. M'zaka za m'ma 1970 mawuwo ankatayipidwa pa mapepala oyenda pa lamba, kakamera kena kakuwajambula. Pali munthu wina amene amayendetsa mawuwo molingana ndi liwiro la wowerenga, lomwe pa Chingerezi limakhala mawu atatu pa sekondi. Akathamangitsa, wowerenga amameza mawu. Akachedwetsa, amangoti kakasi. Pa liwiro limenelo pakamwa pamatsogola, mutu n'kumabwera m'mbuyo, n'chifukwa chake kachizindikiro ka funso kolakwika kamamuchititsa Burgundy kutchula dzina lake lomwe ngati akufunsa. Mankhwala ake ndi akalekale: werengani nkhani zonse musanalowe m'situdiyo, ndipo khalani ndi pepala patebulo, mukulitsegula tsamba ndi tsamba, kuti galasi likazima mudziwe pamene muli.

Nanga Harold Greene?

Uyu ndi amene alamu anu mwina anamumva. Filimuyi nkhani yake ikuchitikira ku San Diego, ndipo Greene ankawerenga nkhani mumzinda womwewo m'zaka za m'ma 1970, pa KCST ndi KGTV, asanapite ku Los Angeles. Onani zithunzi zake za nthawiyo: tsitsi lodzaza lopesedwa bwino, ndevu zapamlomo, suti. Anthu a ku San Diego sanachedwe kuloza chala. Koma kufanana nkhope si umboni, poti amuna a pa TV ovala choncho analipo mumzinda uliwonse. Zoterezi zinachitikanso ndi Ted Baxter, wowerenga nkhani wopeka wa mu sewero la pa TV la The Mary Tyler Moore Show, amene anthu amamulumikiza ndi George Putnam komanso Jerry Dunphy, owerenga nkhani enieni a ku Los Angeles, ndipo Dunphy yemweyo amatchulidwanso pa Kent Brockman, wowerenga nkhani wa mu katuni ya The Simpsons.

Ndiye auzeni alamu anu kuti ganizo ndi liwu zinachokera kwa Crim, zimenezo mwini filimu ananena yekha. Nkhope mwina ndi ya Greene. Kachasu wa scotch, chitoliro cha jazz ndi galu uja Baxter, zimenezo ndi za Ferrell ndi McKay. Ngati munabetcherana ndalama, gawanani pakati.